Amuna a ku Dedza Amene Adakalima Minda ya Eni

Anthu a kuno kwathu akakhala pabwalo nayamba kukumbutsana za makolo amene adatuluka m'dziko muno kukafuna ndalama, pakamwa pawo pamafulumira kutchula Joni, Wenela ndi Theba, pakuti a kumigodi ndiwo ankabwera ndi njinga zonyezimira, majasi olemera ndi mabokosi achitsulo amene mudzi wonse unkasonkhana kudzaona akamatsekulidwa. Koma panali khamu linanso, losachepa konse, la amuna amene sadatsike m'mgodi ngakhale tsiku limodzi, amene adasiya khasu pakhomo nakalandira khasu lina kutsidya kwa Zambezi, nalima fodya ndi chimanga m'mapulazi a azungu a ku Southern Rhodesia kufikira misana yawo idapindika. Za amenewa sizikambidwa kawirikawiri, mwina chifukwa adabwera ndi zochepa, mwinanso chifukwa ambiri sadabwere nkomwe. Ndipo nkoyenera kuti mbiri yawo ilembedwe, makamaka ya iwo a kumapiri a Dedza, kumene njira ya kummwera inkayambira pakhomo penipeni.

Mlendo akhoza kudabwa kuti munthu angachoke bwanji m'dziko lotere, pakuti kwa Kasumbu, kwa Kaphuka, kwa Kachere ndi kwa Kamenyagwaza si dziko la njala: mvula imagwa bwino, madambo a Linthipe sauma msanga, nyemba ndi kachewere zimakondwa ndi kuzizira kwake, ndipo ngakhale chisanu cha mwezi wa June chimalowa m'mafupa, nkhokwe za makolo sizinkakhala zopanda kanthu. Chimene chidatulutsa amuna ndi msonkho. Angerezi atapha Inkosi Gomani woyamba m'chaka cha 1896 ndi kuthyola mphamvu za Angoni a kwa Maseko, dziko lonse la kumapiri kuno lidalowa m'manja mwa boma, ndipo nyumba iliyonse idayamba kuwerengedwa. Ndipo m'chaka cha 1902 lidaikidwa lamulo lakuti munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azikhoma masheleni 3, koma wongolima munda wake azikhoma masheleni 6. Chimanga chinalipo, koma wogula panalibe, popeza misika inali kutali ndipo katundu yense ankayenda pamutu. Tsono munthu wodzala nkhokwe ankatha kuona nyumba yake ikutenthedwa, kapena mkazi wake akutengedwa kukasungidwa kuboma kufikira ndalama zitapezeka. Poyamba amuna ankatsikira ku Blantyre ndi ku Zomba kukalima khofi kapena kukasenza mtengatenga, koma malipiro a kumeneko anali ochepa ndipo ntchito yake inkafanana ndi thangata. Ndiye mbiri itamveka kuti kutsidya kwa Zambezi mwezi umodzi ukuposa miyezi ingapo ya kuno, maso a anyamata adatembenukira kummwera.

Njira zinali ziwiri. Ina inali yolembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene lidayamba mu 1903 ndi kutha mu 1933, ndipo anthu ankaitcha chibalo, naiopa kwambiri, chifukwa wolembedwa motero sankasankha bwana, koma ankaperekedwa kwa amene antchito ena onse amukana. Ina inali yopita pawekha, imene akuluakulu ankati ya selefu, ndipo ambiri a ku Dedza adasankha imeneyi ngakhale inali ya minga.

Ulendo wake unkayamba mbandakucha, anthu khumi kapena makumi awiri atapangana, pakuti munthu mmodzi sakadafika. Aliyense ankanyamula thumba la ufa, kamphika kapena chitini, mchere pang'ono, nkhwangwa, ndi bulangete ngati anali nalo. Ena ankamanga m'chiuno mankhwala a ulendo amene agogo awo adawapatsa, ena ankaika m'thumba kalata ya mpingo, ndipo ambiri ankanyamula zonse ziwiri. Akangodutsa malire, amene kuno ali pafupi kotero kuti munda wina uli ku Malawi wina ku Mozambique, ankayenda m'dziko la Angonia pakati pa abale olankhula chinenero chimodzi, kenaka nkutsika m'mapiri kulowa m'chigwa chotentha cha Tete, kumene mwana wa kumapiri, wozolowera mphepo ya Dedza, ankayamba kudwala malungo ndi kutupa mapazi. Usiku ankasonkha moto waukulu kapena kugona pamitengo poopa mikango. Usana ankazemba asipayi a Apwitikizi, amene ankatha kuwalanda ufa kapena kuwagwira kuti akagwire ntchito ya msewu popanda malipiro. Pa Tete padalibe mlatho kufikira m'zaka za m'ma 1970, ndiye Zambezi ankawoloka pabwato atalipira eni madooko, ndipo kuchokera apo ankalunjika ku Mtoko, kumene ankalandira chitupa, nkupitirira ku Salisbury. Ulendo wonse unkadya pafupifupi mwezi. Ndipo popeza ufa unkatha asadafike, ambiri ankaima pa pulazi loyamba limene lawalandira, osati chifukwa chakuti linali labwino, koma chifukwa chakuti miyendo idakana. Eni mapulazi a m'mbali mwa njira ankaidziwa njala imeneyi, ndipo inkawapezera antchito pamtengo wotsika.

Pofika m'zaka za m'ma 1930 boma la Nyasaland lomwe lidachita mantha ndi kutha kwa amuna m'midzi, ndipo mu 1935 lidaika komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze. Komitiyo idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja, ndiko kuti oposa mmodzi mwa amuna anayi alionse, ndiponso kuti ambiri mwa iwo sankayembekezeka kubwerera. Chotsatira chake chinali pangano la ku Salisbury la 1936 pakati pa maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, lofuna kuti wapaulendo azikhala ndi chiphaso ndi kuti azibwerera kwawo. Ndipo boma la Southern Rhodesia lidamanga misasa yogonamo ndi malo olandirirapo chakudya m'njira, kenaka lidaika malole onyamula anthu osalipira, amene ankatchedwa Ulere. Nzoona kuti malolewo adapulumutsa miyoyo yambiri imene ikadathera m'tchire la Tete. Nzoonanso kuti adaikidwa pofuna kuti anthu atsikire m'mapulazi ndi m'migodi ya Rhodesia asadaganize zopitirira ku South Africa, kumene malipiro anali okwera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Britain lidasowa madola ogulira fodya wa ku America, ndipo mu 1947 makampani ake adapangana ndi alimi a ku Southern Rhodesia kuti azigula gawo lalikulu la fodya wawo chaka ndi chaka. Mapulazi adachuluka ku Marandellas, ku Mazoe, ku Umvukwes, ku Sinoia ndi ku Karoi, ndipo fodya, monga aliyense wolima adziwa, ndi mbewu yodya manja. Posowa manja otere, boma la kumeneko linali litakhazikitsa kale mu 1946 bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene kuno lidadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi, ndipo lidapatsidwa chilolezo cholemba anthu m'Nyasaland pambali pa Wenela. Koma mabungwe awiriwa sanali olingana. Wenela ankalipira bwino ndipo ankasankha amphamvu, atawapima pachifuwa ndi pasikelo. Amene wakanidwa kumeneko, kaya chifukwa cha kuchepa thupi, kaya msinkhu, kaya chifuwa, ndiye ankakadinda chala kwa Mthandizi, nalandira bulangete ndi nambala, nakwera lole osadziwa dzina la bwana amene akukamugwirira ntchito chaka chathunthu kapena kupitirira. Ndipo popeza mapulazi a mbiri yabwino ankapeza okha antchito obwera mwa kufuna kwawo, olembedwa ndi Mthandizi kawirikawiri ankagwera kwa azungu ovuta.

Ntchito ya papulazi la fodya inkayamba ndi nazale dzuwa likadali kuswa mtengo, kuthirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa kunali kuwokera, ndipo aliyense ankapatsidwa ndime yake, imene kumeneko ankati mugwazo, yoti aimalize dzuwa lisadalowe. Kenaka kupalira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, manja atada ndi phula la fodya limene sopo sachotsa. Koma chimene obwerera ankachikumbukira koposa ndi nyengo yothyola, kuyambira January kufikira March. Masamba ankathyoledwa mame akadalipo, kuyambira a pansi, munthu atawerama mzere wonse. Ankasokedwa pamitengo ndi kupachikidwa m'mabalani a njerwa aatali, m'mene kutentha kunkayenda m'mapaipi kuchokera kung'anjo ya kunja. Ndipo moto umenewo sunkayenera kuzima kapena kupitirira muyeso usana ndi usiku kwa sabata yathunthu. Wosonkha moto ankakhala yekha pakhomo pa ng'anjo anzake atagona, kutsogolo akupsa, kumsana mvula ikumukwapula, akukoka zipika zolemera ndi kulowa kawirikawiri m'balani kukayang'ana muyeso wa kutentha ndi nyali m'manja. Ndipo akangosinza pang'ono, fodya wa balani lonse nkuda kapena kuyaka, mlandu wake unali wa miyezi yambiri. Fodya akauma kunali kusankha ndi kumanga mabelo m'shedi ya fumbi lotsamwitsa, ntchito imene akazi ndi ana a m'kompaundi ankaitanidwanso kudzathandiza pamalipiro ochepetsetsa.

Malipiro ankawerengedwa ndi tikiti. Kapepala kameneka kanali ndi malo 30, ndipo kapitawo kapena bwana ankachonga malo amodzi tsiku limene munthu wamaliza ndime; Lamulungu silinkawerengedwa, tsiku lodwala silinkawerengedwa, tsiku limene ndime yatsala pang'ono linkatha kukanidwa lonse, kotero kuti mwezi wa papulazi unkatenga masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Phoso linali ufa, nyemba kapena mtedza, mchere, ndi nyama mwa apo ndi apo. Nyumba munthu ankadzimangira yekha ya mitengo ndi dothi, pa nthaka imene sakadaitcha yake. Sopo, shuga ndi malaya ankakongola m'sitolo ya bwana yemweyo, ndipo ngongoleyo inkadulidwa tikiti ikatha, kotero kuti ena ankamaliza chaka ali ndi ngongole yoposa imene adayamba nayo. Pamwamba pa zonsezi panali lamulo la mabwana ndi antchito la 1901, limene lidakhalapo kufikira nthawi ya ufulu wa Zimbabwe, lonena kuti kuchoka pantchito pangano lisadathe, kukana lamulo la bwana, ngakhale kujomba, ndi mlandu wa kupolisi. Monga Yakobo kwa Labani, munthu ankatha kuona malipiro ake akusinthidwa kambirimbiri, koma Yakobo adatha kusonkhanitsa banja lake nachoka, pamene mwana wa ku Dedza akachoka ankasakidwa ndi chitupa chake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mvula imene imagwa ku Mazoe ndi yomweyo imene imagwa ku Bembeke, ndipo imagwa miyezi yomweyo. Tsono mwezi umene bwana ankafuna manja onse kuti awokere fodya ndi mwezi womwewo umene munda wa kumudzi unkafuna mwini wake. Wa kumgodi ankasiyanso munda, inde, koma ankatumiza ndalama zolembera waganyu. Wa kupulazi ankagulitsa dzinja lake lonse pamtengo wosakwanira kugula dzinja la munthu wina. Kuswa mphanje, kuluka nkhokwe, kufolera denga, kutchinga dimba kuti ng'ombe zisalowe, zonse zimene mwambo udaika m'manja mwa mwamuna zidagwera mkazi, amene anali kale ndi mwana kumsana ndi mtondo pakhomo. Ndipo msonkho wa nyumba sunkaleka kufunidwa chifukwa chakuti mwini nyumba ali kutali. M'midzi ya Achewa, kumene mkamwini amakhala kwa mkazi, mayi anali ndi pothawira, pakuti munda unali wa mbumba yake ndipo alongo ake anali pafupi. Koma nanga alongowo atapitanso? Mwinimbumba mmodzi wokalamba ankatsala ndi nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi zomuyang'ana. Mkazi ankapita kwa mphunzitsi wa ku Mphunzi kapena wa ku Bembeke kuti amulembere kalata, nadikira yankho mvula ziwiri kapena zitatu, osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Akafuna kukwatiwanso, mpingo unkamuletsa, akadikira, ubwana wake unkatha. Ndiye tikanena kuti antchito a ku Nyasaland anali otsika mtengo, tidziwe kuti mtengo wotsalawo unalipo ndipo unkalipiridwa kuno: mudzi ndiwo unkalera mwana kufikira atakula, pulazi nkumutenga ali pachimake pa mphamvu zake, ndipo akadwala chifuwa kapena kukalamba, mudzi womwewo ndiwo unkamulandira, kumudwazika ndi kumuika m'manda.

Komabe tisawaone makolo athu ngati nkhosa zongotsogozedwa, pakuti anali anthu a nzeru ndi a mtima. Ankapatsa azungu maina a m'Chichewa osonyeza khalidwe lawo, kuti wobwera kumene akamva dzina lokha adziwe ngati pulazilo nloyenera kulowamo kapena kulilambalala; ankauzana m'njira kumene phoso lili lokwanira ndi kumene chikoti chili pafupi; ndipo ambiri, angakhale lamulo linali loopsa, ankathawa usiku, kutaya chitupa, kutenga dzina lina, ndi kusuntha pulazi ndi pulazi kulowera kummwera kufikira atawoloka Limpopo. M'makompaundi adakhazikitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati galu. Adatema dambwe m'tchire la eni, ndipo Gule Wamkulu adavinidwa pansi pa mabalani a fodya monga amavinidwira kwa Kachere, kufikira lero ali chizindikiro cha zidzukulu zawo ku Zimbabwe. Asilamu a kwa Tambala adamanga timizikiti tawo ta udzu. Ndipo Akhristu a mpingo wa Dutch adalira kuti awatumizire mbusa, kotero kuti mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok adachoka kuno kukakhala ku Salisbury, ndipo mbewu imene idafesedwa pamenepo ndiyo idakula kukhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Ambiri adakwera kukhala akapitawo, oyendetsa mathirakitala ndi akatswiri ochiza fodya, amene bwana sakadakolola kanthu popanda iwo. Kwa eni kulibe mkuwe, adatero akale, ndipo eni dziko ankawanyoza ndi maina monga mabwidi ndi mabhurandaya. Koma iwo adapirira, namanga mudzi pamene padalibe mudzi.

Zimenezi sizidachitikire ife tokha. Mu 1942, amuna a ku United States atapita kunkhondo, boma la kumeneko lidapangana ndi boma la Mexico kuti alimi osauka a ku Michoacán, Guanajuato, Jalisco ndi madera ena azibwera kudzakolola thonje, tomato ndi zipatso kwa miyezi yowerengeka, kenaka nkubwerera. Ndipo dongosolo limeneli, lotchedwa Bracero, lidakhala kufikira 1964, mapangano oposa 4 miliyoni atasainidwa. Pamalire ankawavula ndi kuwapopera mankhwala a DDT, nayang'ana zikhatho zawo ngati zili ndi zikang'a za khasu. M'minda ya ku California ankawapatsa khasu la mpini waufupi kwambiri, lowakakamiza kuwerama tsiku lonse, limene akapitawo ankalikonda chifukwa woweramuka ankaonekera patali, ndipo silidaletsedwe kufikira 1975. M'zaka zoyamba gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro awo linkadulidwa kuti akalilandire kwawo, koma ambiri sadalione, ndipo adayenda m'maofesi ndi m'makhoti kufikira imvi, mpaka boma la Mexico lidavomera mu 2005 kupereka chipepeso cha mapeso 38,000 kwa amene anali ndi mapepala osonyeza. Dziko la Canada nalo lidayamba kulandira antchito a nyengo ochokera ku Jamaica mu 1966 ndi a ku Mexico mu 1974, ndipo kufikira lero amapita chaka ndi chaka kwa miyezi yosapitirira isanu ndi itatu, kukagwira ntchito m'minda ya ku Ontario ndi madera ena, mabanja atawasiya kwawo. Malipiro awo ndi oposa kutali a Mthandizi, ndipo ambiri amanga nyumba ndi kuphunzitsa ana, zimene sitiyenera kubisa. Koma chilolezo chawo chimamangidwa kwa bwana mmodzi, ndipo bwanayo ndiye amatchula maina a amene akufuna kuti adzabwerenso chaka chamawa, kotero kuti wodandaula za nyumba yothithikana kapena za mankhwala opopera amadziwa kuti akuika pachiswe dzinja lotsatira. Mkulu wa ku Lobi amene adagwirapo tikiti akadamva zimenezi sakadafuna womumasulira.

Ndalama zosungidwa ndi ena zidativutanso ife. Pangano la maboma atatu la 1947 lidalamula kuti wantchito azikhala ndi buku, kuti gawo la malipiro ake lizitumizidwa kubanja ndipo gawo lina lizisungidwa kuti akalandire atabwerera. Cholinga chinali chabwino, ndipo nyumba zina za malata, ngolo ndi ng'ombe za m'dera lino zidagulidwa ndi ndalama zoterozo. Boma nalo linkapindula ndi ndalama zakunja ndi msonkho wa pamutu pa wolembedwa aliyense, ndipo nchifukwa chake ngakhale titalandira ufulu mu 1964 kulemba anthu sikudaleke, koma kudakula. Kalembera wa 1966 adasonyeza kuti Amalawi oposa 260,000 anali kunja, ndipo ochuluka mwa iwo anali ku Rhodesia. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno: buku likatayika, kapena munthu akathawa pulazi nasintha dzina, kapena akamwalira abale osadziwa ofesi yoti akafunseko, thukuta lake linkathera m'mabuku a eni, ndipo kudandaula kwa akuluakulu amene adapita ndi Theba, amene akhala zaka zambiri akulondola ndalama zawo, ife tonse takumva.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. M'chaka chomwecho ntchito ya Mthandizi nayo idatha m'dziko muno. Amuna zikwizikwi adabwerera m'zaka ziwiri zokha, ndipo adapeza kuti minda ikuluikulu ya fodya ikutsegulidwa ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Lilongwe, m'malo mwa fodya wa Rhodesia amene maiko adamukana chifukwa cha ulamuliro wa Ian Smith. Ambiri a ku Dedza adangotembenuza ulendo, kusiya kummwera kuloza kumpoto, nakakhala matenanti. Ndipo kumeneko adakapezanso phoso la ngongole, sitolo ya bwana, ndi kuwerengera kwa kumapeto kwa chaka kumene wolima sakudziwa mutu wake, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano bwana anali wa khungu lawo.

Otsala ku Rhodesia, amene timawatcha matchona, mbiri yawo ndiyo yowawa koposa. Ena adachita manyazi kubwerera chimanjamanja, chaka nkumati chamawa, kufikira adaiwala njira. Ena adakwatira kumeneko, nazindikira kuti mapanga awiri avumbwitsa, nasankha limodzi. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe idawapeza m'mapulazi, pakati pa asilikali a boma ndi ankhondo a m'tchire, mbali zonse zikuwakayikira. Ufulu utabwera mu 1980 adapitiriza kulima, iwo ndi ana awo ndi zidzukulu zawo, osakhala ndi mudzi wa kumidzi monga eni dziko. Ndipo pamene mapulazi a azungu adayamba kulandidwa mu 2000, antchito zikwi mazanamazana adataya ntchito ndi pogona pa nthawi imodzi, ndipo ochepa okha ndiwo adagawiridwa malo. Lamulo la unzika la 2001 lidafuna kuti munthu wobadwa kwa kholo lakunja akane unzika wa dziko limene sadalionepo, ndipo ambiri, posadziwa kapena posowa mapepala, adatsala opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 adawatsegulira khomo. Timati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mdzukulu wobadwira ku Karoi, amene amangodziwa kuti agogo ankati kwathu nku Dedza, osadziwa mfumu kapena mudzi, akafika pa chipata cha Dedza lero alowera kuti? Ndipo pakati pa Achewa, amene mwana amatsata kwa mayi, mwana wa mtchona wobadwa kwa mayi wa Chishona alibe munda womuyembekezera ngakhale mudziwo utapezeka.

Njira imene makolo adatsegula siidatsekeke. Chaka cha njala anthu a m'malire amawoloka m'mawa kukagwira ganyu m'minda ya ku Angonia, nabwera madzulo kapena patapita sabata ndi chimanga cha m'thumba, minda yawo ikumera udzu. Anyamata ena, ngakhale ana a sukulu, amatengedwa ndi anthu olonjeza zabwino kupita kuminda ya ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo kuipa kwa malonda amenewa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsira lamulo loletsa kuzembetsa anthu mu 2015. Enanso ali m'minda ya mphesa ndi ya zipatso ku South Africa opanda mapepala. Ndipo mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza itachotsa antchito m'minda ya ku Israel, ndege idanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221 kukalowa m'malo mwawo, ena nkumatsatira pambuyo. Ine sindingamuuze mnyamata wa ku Linthipe, amene munda wa amayi ake wagawidwa kasanu ndipo thumba la feteleza lamukanika, kuti akhale pansi. Agogo ake sadakhale pansi, ndipo sadalakwe. Koma mafumu, abusa ndi aphungu athu, amene amadalitsa maulendo amenewa, ali ndi udindo wofunsa poyera, pangano lisadasainidwe, ngati mwana wathuyo adzaloledwa kuchoka kwa bwana womuzunza ndi kupita kwa wina osasanduka wolakwa, ndi kuti ndalama zodulidwa zidzasungidwa ndi yani, ndi kuti akavulala adzamusamala ndani. Mu May 2024 boma lidalengeza kuti Amalawi 12 abwezedwa kuchokera ku Israel, ndipo mlandu wawo unali wakuti adachoka m'minda imene adalembedwera nakagwira ntchito kwina.